Kodi Dontho la Magazi Limapita Kuti?

Mvula ikakhazikika m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, madambo nadzaza madzi, chimanga chili m'mawondo, mzere wa pachipatala cha kwa Dzoole umatalika. Amayi amafika m'mamaŵa ana ali kumsana, matupi akutentha. Asanapereke mankhwala, wa chipatala amabaya chala cha mwana, natenga kadontho ka magazi, nakaika pa kachipangizo koyera kapulasitiki. Pakapita mphindi 15 kapena 20, mizere iŵiri ikawoneka, mayi amauzidwa kuti mwana ali ndi malungo.

Ambiri amalandira zimenezi mosavuta. Koma alipo ena amene mumtima amasunga funso limene salitulutsa: kodi magaziwo akupita nawo kuti, ndipo anthu a m'zipinda zopimira amachita nawo chiyani? Funsoli si lachibwana. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zidabuka ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo. Anthu osalakwa adaphedwa, ndipo ogwira ntchito za umoyo adaleka kufika m'midzi ina chifukwa cha mantha. Mu 2020 mphekesera zomwezo zidamvekanso m'chigawo chino chapakati. Funso likasoŵa woyankha, bodza ndilo limakhala pampando.

Njira yothetsera mantha otere si kukalipira anthu kapena kuŵatcha mbuli. Njira yake ndi kuŵatsegulira chitseko cha chipinda chopimira kuti awone zimene zimachitika m'menemo. Munthu amene wamva mmene akatswiri amalerera tizigawo ta thupi pa timbale topakidwa madontho, ndi zimene timbaleto tawulula za malungo, sadzawonanso malangizo a kuchipatala ngati malamulo opanda mutu. Adzazindikira kuti kufulumira ndi mwana wodwala, kumwa Fansidar pa nthaŵi ya pakati ndi kumaliza mankhwala a LA zili ndi zifukwa zowoneka ndi maso, ndiponso kuti mbali ina ya nzeru imeneyi idachokera m'magazi a ana ndi amayi a m'dziko lomwe lino.

Selo limafuna pogwira

Thupi la munthu lidamangidwa ndi tinthu tamoyo ting'onoting'ono totchedwa maselo, monga momwe nyumba imamangidwira ndi njerwa. Maselo ndi aang'ono kwambiri, kotero kuti maselo ofiira a m'magazi oposa 100, atandandalikidwa mumzere umodzi, ndiwo angakwane milimita imodzi ya pa rula ya mwana wa sukulu. Njerwa siziima zokha popanda dothi kapena simenti. Chimodzimodzinso maselo a khungu, a chiŵindi ndi a mitsempha ya magazi amakhala atagwira pa ukonde wa mapuloteni, zinthu zimene thupi limapanga kuchokera ku zakudya zomanga thupi monga nyemba, mtedza, usipa ndi mazira. Selo lotere likachotsedwa pamalo pake n'kusiyidwa likungoyandama m'madzi, silichedwa kufa.

Luso lolera maselo kunja kwa thupi lidayamba ndi Ross Harrison, katswiri wa ku America. Mu 1907 iye adadula kachidutswa ka chule amene adali asanaswe, nakaika m'kadontho ka madzi a m'thupi la chule wamkulu amene adali atagwirana ngati phala, ndipo adawona timitsempha tonyamula mauthenga a ubongo tikumera pansi pa galasi. Pambuyo pake adayesa chinthu chimene mwana aliyense wa kumudzi angachimvetse: adayala ulusi wa kangaude m'kadontho kolereramo maselo. Mu 1914 adalengeza kuti maselo sayenda m'madzi okhaokha, koma amagwira ulusiwo ndi kuutsata, monga momwe nyemba zoyanga zimatsatira phesi la chimanga.

Kuchokera pamenepo akatswiri adayamba kufunafuna chopaka chabwino cha pansi pa mbale. Mu 1956 Robert Ehrmann ndi George Gey a mumzinda wa Baltimore adawonetsa kuti maselo amitundu yambiri amakula bwino pa puloteni yotchedwa kolajeni, imene adaitenga ku michira ya makoswe. Kolajeni si chinthu chachilendo: ndiyo imachititsa kuti msuzi wa mang'ina ugwirane ukazizira.

Funso limene lidatsala lidali lakuti, kodi kukula kwa malo amene selo lagwira kuli ndi kanthu? Mu 1997 gulu la ku yunivesite ya Harvard, m'mene mudali Christopher Chen, Donald Ingber ndi George Whitesides, lidagwiritsa ntchito chidindo chofeŵa, chonga chimene mfumu imadindira kalata, koma chokhala ndi timabwalo tosawoneka ndi maso. Atadinda nacho, puloteni yotchedwa fibronectin idamatirira pa timabwalo tokhato, ndipo malo onse otsala adali oterera, osagwirika. Kenaka adathirapo maselo a m'timitsempha ta magazi, selo lililonse nilikhala pa kabwalo kake. Maselo amene adagwera pa timabwalo tating'ono zedi adakhwinyata, ndipo ambiri adafa. Amene adapeza timabwalo tokulirapo adatambasuka, nakula. Chakudya chidali chimodzimodzi, madzi omwewo, kufunda komweko. Chosiyana chidali malo okha.

Mlimi wa kwa Dzoole sangadabwe nazo. Amadziŵa kuti mbande za fodya zikathithikana pa nazale zimawonda, ndi kuti chimanga chobzalidwa njere imodzi paphando, motalikirana bwino pamzere, chimabereka kuposa chounjikana. Katswiri wa m'chipinda chopimira nayenso ndi mlimi. Munda wake ndi mbale yokwana m'chikhatho, ndipo mapando ake ndi madontho a mapuloteni.

Mizere iŵiri ya pa kachipangizo

Wina angaganize kuti zimenezi ndi za maiko akutali. Komatu mayi aliyense amene adayezetsapo mwana wake malungo adaliwona kale luso limeneli ndi maso ake. M'kati mwa kachipangizo koyera kaja, kamene kadafalikira m'zipatala za boma kuyambira mu 2011, muli kapepala kopyapyala. Pa kapepalapo opanga adalembapo mizere iŵiri ndi mapuloteni osawoneka, ngati munthu wolemba ndi madzi. Mzere umodzi uli ndi mapuloteni ogwira chinthu chimene kachirombo ka malungo kamatulutsa m'magazi. Magazi akamayenda pa kapepalapo, chinthucho chimakodwa pamzerewo ngati mbalame pa ulimbo, ndipo utoto umasonkhana pomwepo mpaka mzere kuwoneka. Mzere winawo umangotsimikiza kuti kachipangizoko kagwira ntchito bwino. Ukawoneka wokhawo, ndiye kuti malungo sadapezeke, ndipo wa chipatala ayenera kufunafuna chifukwa china cha kutentha kwa thupi.

Magazi ofunika pa ntchitoyi ndi ochepa zedi, kotero kuti pangafunike timadontho totere 1,000 kuti kasupuni ka tiyi kamodzi kadzaze, pamene mwana wolemera makilogalamu 10 ali ndi magazi okwana pafupifupi mamililita 800. Kadonthoko sikapita kulikonse. Kamauma pa kapepalapo, ndipo kachipangizoko kamatayidwa pamodzi ndi zinyalala zina za chipatala. Limeneli ndilo yankho loyamba la funso lija.

Malungo amapha pomatirira

Alipo magazi ena amene amatengedwa, eni ake atavomera, kukachita nawo kafukufuku. Ndi bwino kuti anthu adziŵe zimene zidatulukamo, ndipo kuti zimveke, mpofunika kuyamba ndi ulendo wa kachirombo m'thupi.

Udzudzu waukazi wa mtundu wa Anopheles ukaluma munthu usiku, umasiya tizirombo timene timathamangira ku chiŵindi. M'menemo timakhala pafupifupi sabata imodzi, munthu osamva kanthu, ndipo kachirombo kamodzi kamaswana kufika pa zikwi zambiri. Kenaka timatuluka n'kuloŵa m'maselo ofiira a magazi. Kachirombo ka malungo oopsa amene afala m'dziko muno, kotchedwa Plasmodium falciparum, kamatenga maola 48 kuti kakule m'selo lofiira, kaswane, kaliphulitse, ana ake naloŵa m'maselo ena.

Thupi lili ndi mlonda wake, ndiye kapamba, amene amasefa magazi ndi kuchotsa maselo owonongeka. Koma kachiromboko kali ndi machenjera ozembera mlondayo. Tsiku loyamba, kakadali kakang'ono, selo limene kaloŵamo limayenda ndi magazi monga ena onse. Kakayamba kukhwima, kamatulutsa tiziphuphu pakhungu la selolo, tokhala ndi puloteni yomata, ndipo selolo limakakamira kukhoma la timitsempha ting'onoting'ono monga chisoso chimakakamirira pa chitenje. Likatero silidutsanso ku kapamba. Maselo otere akachuluka m'timitsempha ta ubongo, magazi amayenda movutikira, mwana amaphiriphitha ngati wa khunyu, nakomoka. Aŵa ndiwo malungo a mu ubongo, amene kumudzi kaŵirikaŵiri amayesedwa ufiti.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 madokotala aŵiri, Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor, adayamba kusamalira ndi kuphunzira ana odwala malungo a mu ubongo pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Iwo ndi anzawo adafuna kudziŵa kuti kwenikweni maselo odwalawo amagwira chiyani pakhoma la mtsempha. Popeza munthu sangasuzumire m'timitsempha ta mwana wamoyo, adabweretsa khomalo pa mbale. Ankatenga mbale yapulasitiki, naikapo timadontho motalikirana, kadontho kalikonse kali ndi mtundu umodzi wa zinthu zopezeka pakhoma la mitsempha: apa CD36, apo ICAM-1, apo CSA. Malo otsala ankaŵatseka ndi puloteni ina yosagwira kanthu. Tizirombo ta m'magazi a mwana wodwala ankatilera pamalo ofunda kufikira titakhwima, potsata luso limene William Trager ndi James Jensen adatulukira ku New York mu 1976. Akatero ankathira maselowo pa mbale ija, nadikira, natsuka mosamala, ndipo ankaŵerenga pa maikulosikopu maselo amene atsalira pa kadontho kalikonse. Kuwona maso a nkhono n'kudekha.

Zotsatira zidalengezedwa mu 1999 ndi Stephen Rogerson ndi anzake. Adayeza tizirombo ta ana 76 odwala kwambiri ndi ana 79 odwala pang'ono. Mwa magazi a ana 148 amene adayesedwa pa CD36, a ana 126 adamatirira. Koma chodabwitsa chidali chakuti tizirombo ta ana odwala kwambiri sitidamatirire pa CD36 kapena pa ICAM-1 kuposa ta ana odwala pang'ono. Mbale idakana kunena zimene ambiri ankayembekezera, ndipo akatswiriwo adalemba zimene adawona, osati zimene ankafuna. Kufunafuna kudapitirira mpaka mu 2013, pamene gulu lina lidapeza kuti tizirombo ta ana odwala kwambiri a ku Tanzania timagwira puloteni ina yotchedwa EPCR, imene ntchito yake ndi kuteteza mitsempha kuti isatupe ndi kuti magazi asagwiranemo. Mu 2015 Karl Seydel ndi anzake, atajambula ubongo wa ana 168 ku Blantyre ndi makina a MRI, adalengeza kuti mwa ana 25 amene adamwalira, 21 ubongo wawo udali utatupa kwambiri.

Phunziro la zonsezi kwa kholo n'lachidule. Pali nthaŵi imene tizirombo timakhala tikuyandama, ndipo pali nthaŵi imene tamatirira. Mankhwala a LA, amene boma lidayamba kupereka mu 2007, ndi jekeseni ya artesunate ali ndi mphamvu yopha tizirombo tikadali tating'ono, tisanamatirire. Kafukufuku wa ana 5,425 odwala kwambiri m'maiko 9 a mu Africa, kuphatikizapo Mozambique, adawonetsa mu 2010 kuti mwa ana 100 olandira kwinini pafupifupi 11 adamwalira, pamene mwa olandira artesunate adamwalira pakati pa 8 ndi 9. Tsono a zaumoyo akamati mwana wotentha thupi afike kuchipatala asanathe maola 24, sakunena zongoloŵeza. Usiku uliwonse umene kholo likudikira kuti liwone ngati panado athandiza, kapena layamba lapita kwa sing'anga, ndi usiku umene tizirombo tikukhwima ndi kugwira makoma. Chimodzimodzinso mwana amene wapatsidwa LA ayenera kumwa kasanu ndi kamodzi pa masiku atatu, ngakhale atayamba kuseŵera tsiku lachiŵiri, pakuti tizirombo totsalira timaswananso.

Chifukwa chake mimba yoyamba ndi yoopsa

Madokotala adazindikira kalekale kuti mtsikana wa mimba yoyamba amavutika ndi malungo kuposa ntchembere, ngakhale onse akukhala m'mudzi umodzi ndi kulumidwa ndi udzudzu womwewo. Chifukwa chake chidabisika mpaka mbale ya madontho idachiwulula. Mu 1996 Michal Fried ndi Patrick Duffy, amene ankagwira ntchito ku Kisumu m'dziko la Kenya, adalengeza zimene adapeza atayesa tizirombo ta mu nsengwa, chiŵalo chija chimadyetsa mwana m'mimba. Tizirombo timeneti sitidagwire pa CD36 monga ta anthu ena. Tidagwira pa CSA, chinthu cha mtundu wa shuga chimene chimapezeka chambiri mu nsengwa. Kafukufuku wa amayi a ku Blantyre, wolengezedwa mu 1999 ndi James Beeson ndi anzake, adapeza zofanana.

Tanthauzo lake n'lakuti mtsikana, ngakhale adadwala malungo kambirimbiri paubwana ndipo thupi lake lidaphunzira kulimbana nawo, pa mimba yoyamba amakumana ndi mtundu wa tizirombo umene thupi lake silinauzoloŵere, pakuti kale adalibe nsengwa yoti tigwirepo. Pa mimba zotsatira thupi limakhala litaphunzira, ndipo limapanga zoteteza zoletsa kumatirirako. Tizirombo tikaunjikana mu nsengwa, mayi akhoza kuyenda bwinobwino, osatentha thupi, mwinanso kuyezetsa chala osapezeka kanthu, pamene magazi ake akuchepa ndipo mwana sakulandira chakudya chokwanira. Mapeto ake ndi khanda lonyentchera, losakwana makilogalamu 2.5, kapena lobadwa masiku asanakwane.

Mu 1993 Malaŵi lidakhala dziko loyamba kupereka Fansidar kwa amayi apakati ngati chitetezo, potsatira kafukufuku wa ku Mangochi. Panthaŵiyo zinkadziŵika kuti mankhwalawo amathandiza. Mbale idadzafotokoza pambuyo pake chifukwa chimene mayi wowoneka wathanzi ayenera kumwera mankhwala a matenda amene sakuŵamva. Motero mayi ayenera kuyamba sikelo mimba ikadali yaing'ono, kuti miyezi itatu yoyamba ikangotha ayambe kumwa Fansidar pamaso pa namwino, mwezi ndi mwezi, kosachepera katatu asanachire. Amene amamwa kale Bactrim tsiku ndi tsiku chifukwa cha HIV samwa Fansidar, ndipo ayenera kuuza namwino za zimenezi. Mwambo wa chisamba uli ndi malangizo ake abwino, koma kudikira anamkungwi kusachedwetse sikelo. Apongozi ndi anamkungwi ndiwo ayenera kukhala oyamba kumperekeza mtsikana kuchipatala, pakuti mimba yoyamba imene amaibisa kwambiri ndiyo imene tizirombo timaikonda kwambiri.

Chiŵindi cha pa mbale

Gawo la moyo wa kachiromboka limene lidavuta kwambiri kuliphunzira ndi sabata ija ya m'chiŵindi. Maselo a chiŵindi cha munthu ndi ovuta kulera: akaikidwa pa mbale wamba amafooka m'masiku oŵerengeka, naleka ntchito zawo. Sangeeta Bhatia, katswiri wa ku Massachusetts Institute of Technology ku America, ndi anzake adapeza njira. Adajambula pansi pa mbale tizisumbu ta kolajeni, kalikonse theka la milimita m'mimba mwake, totalikirana mofanana. Maselo a chiŵindi adakhazikika pa tizisumbupo pokha, ndipo m'mipata yotsala adadzalamo maselo ena othandizira. Atayalidwa chotero, maselo a chiŵindi adakhala amoyo ndi ogwira ntchito kwa masabata angapo. Mu 2013 gululi lidalengeza kuti tizirombo ta malungo tochokera mu udzudzu tidaloŵa m'chiŵindi cha pa mbalecho, tidakula, ndipo tidatuluka n'kuloŵa m'maselo ofiira monga timachitira m'thupi.

Phindu lake n'lakuti mankhwala atsopano ndi akatemera angathe kuyesedwa poyamba pa mbale, mitundu yambiri nthaŵi imodzi, asanafike pathupi la munthu. Ndipo khomo la chiŵindi ndilo malo abwino otsekerapo mdani, pakuti pamenepo tizirombo timakhala tikadali toŵerengeka. Katemera wa malungo wa RTS,S, amene adapangidwa mbale imeneyi isanabwere, amagwira ntchito pakhomo lomwelo: amaphunzitsa thupi kugwira kachirombo kochokera mu udzudzu kasanakhazikike m'chiŵindi. Ana a ku Lilongwe adali m'gulu la ana a m'maiko 7 amene katemerayu adayesedwa pa iwo kuyambira mu 2009, ndipo pa 23 Epulo 2019 Malaŵi lidakhala dziko loyamba kumpereka kudzera m'sikelo ya ana, m'madera a maboma 11, limodzi mwa iwo Ntchisi. Ndondomeko yake idali yakuti mwana alandire ali ndi miyezi 5, 6, 7 ndi 22. Bungwe la World Health Organization lidalengeza mu 2023 kuti m'madera a Malaŵi, Ghana ndi Kenya kumene katemerayu adaperekedwa, imfa za ana a msinkhu wolandira katemera zidatsika ndi 13 pa 100 zilizonse. Katemerayu sateteza kotheratu, choncho neti yonyikidwa m'mankhwala siyenera kuchoka pogona. Kholo lifunse pa sikelo ngati katemerayu akuperekedwa m'dera lake.

Mantha ali ndi gwero, koma ali ndi mankhwala

Sikungakhale kuwona mtima kunena kuti akatswiri sadalakwepo. Mu 1951 George Gey yemwe uja adalandira kachidutswa ka chotupa cha khansa ya khomo la chiberekero cha mayi wakuda wa ku America, Henrietta Lacks, kamene madokotala adadula osampempha. Mayiyo adamwalira chaka chomwecho, koma maselo ake adapitirira kuswana m'mabotolo, nathandiza poyesa katemera wa poliyo ndi pa ntchito zina zambiri, pamene banja lake lidatha zaka zoposa 20 lisakudziŵa. Phindu lidali lalikulu, koma kutenga osapempha kudali kulakwa. Amene amakayika sakayika popanda chifukwa, ndipo n'chifukwa chake malamulo adakhwima.

M'dziko muno kafukufuku aliyense wokhudza anthu ayenera kuyamba wavomerezedwa ndi komiti yoteteza ufulu wa otengako mbali, monga National Health Sciences Research Committee ya ku Unduna wa za Umoyo kapena komiti ya kusukulu ya madokotala ku Blantyre. Ofufuza ayenera kufotokoza m'chinenero chimene munthu akumva kuti akufuna magazi ochuluka bwanji, adzachita nawo chiyani, adzasungidwa kuti, ndiponso ngati adzatumizidwa kunja. Munthu amasaina kapena kudinda chala pokhapokha atamvetsa, ndipo amapatsidwa pepala lake loti asunge. Ali ndi ufulu wokana, ndi wosiya pakati, popanda kumanidwa mankhwala pachipatala. Mlendo amene wabwera m'mudzi osadzera kwa mfumu ndi kwa mlangizi wa zaumoyo, wopanda kalata, wokana mafunso, ameneyo akanenedwe kwa mfumu, kuchipatala kapena kupolisi. Koma asagendedwe, pakuti mwala sufunsa dzina, ndipo amene adafa nawo pa mphekesera zija adali anthu osalakwa.

Safunsa adadya phula. Funso ndilo mankhwala a mphekesera, ndipo munthu amene wafunsa pachipatala sayenera kuyesedwa wamwano. Udindo suli pa anthu a kumudzi okha. Ofufuza amene atenga magazi m'mudzi ali ndi ngongole yobwerera kudzanena zimene apeza, pabwalo la mfumu, m'Chicheŵa chomveka, osati kungolemba m'mabuku a Chingerezi amene mayi wa kwa Dzoole sadzaŵawona. Anamwino ndi alangizi a zaumoyo nawonso, ngakhale mzere utalike bwanji, asamabaye chala ali chete. Mawu oŵerengeka okha, onena kuti kadonthoko n'koyezera malungo ndipo katayidwa pomwepo, angathe kuzimitsa moto umene ukadatentha mudzi.

Amene amafa ndi mphekesera

Pali magazi amtundu wachitatu amene chipatala chimapempha poyera, ndiwo opereka kwa odwala. Kachirombo ka malungo kamaphulitsa maselo ofiira maola 48 alionse, ndipo mwana amene wachedwa kufika amakhala atayera zikhatho ndi m'maso, akupuma mwaŵefuŵefu. Wotereyu mankhwala okha sangamupulumutse. Afunika kuwonjezeredwa magazi, ndipo magaziwo sapangidwa m'fakitale. Amachokera m'mikono ya anthu odzipereka. Dera limene limaopa nkhani iliyonse ya magazi ndilo limabisa mwana wodwala, limachedwetsa sikelo, limathaŵa katemera, ndipo tsiku latsoka limapeza mosungira magazi muli mbee. Amene amalipira mtengo wa mphekesera si woifalitsa ayi, koma khanda limene silinalankhulepo.

Chotero mafumu, akuluakulu a mipingo, aphunzitsi ndi makomiti a zaumoyo a m'midzi ya kwa Dzoole ali ndi ntchito patsogolo pawo mvula isanafike. Aitane mlangizi wa zaumoyo pabwalo, abwere ndi kachipangizo koyezera malungo, akatsegule pamaso pa anthu, aliyense awone kapepala ka m'katimo ndi kufunsa zimene zili kukhosi. Mwana wotentha thupi afike kuchipatala tsiku lomwelo. Wokomoka, wophiriphitha, wosanza chilichonse kapena wokana kuyamwa anyamulidwe nthaŵi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Mayi wapakati ayambe sikelo msanga, ndipo banja lonse ligone m'neti chaka chonse. Akatswiri adatha zaka zoposa 100 akuŵerama pa timbale kuti adziŵe pamene kachirombo kamagwira. Gawo lotsala, lofika nthaŵi isanathe, lili m'manja mwa makolo.